PlayStation, Xbox ndi Nintendo: kodi akulimbiranadi makasitomala amodzimodzi?

Funso limeneli ukalimva koyamba limaoneka ngati la anthu osowa chochita. PlayStation, Xbox, Nintendo Switch, zonsezi si zosewerera magemu basi? Ndiye kufunsa kuti zili pa msika umodzi kapena ayi n'kufunanji? Koma mu Juni 2023 funso lomweli linakhalitsa pansi maloya odula kwambiri ku America, jaji ndi mabwana a makampani akuluakulu kwa masiku asanu mu khothi ku San Francisco, ndipo chomwe ankakanganirana chinali dilu ya madola 68.7 biliyoni. Nkhani yake ndi ya masewera inde, koma panalibe zamasewera.

Zinayamba chonchi. Mu Januwale 2022 a Microsoft, eni ake a Xbox, analengeza kuti akugula Activision Blizzard, kampani yomwe imapanga Call of Duty, Diablo, World of Warcraft komanso Candy Crush ija anthu amatayira nayo nthawi pa foni. Mwa zonsezi yomwe inautsa mapiri pachigwa ndi Call of Duty, gemu yowomberana yomwe imatuluka pafupifupi chaka chilichonse ndipo pali anthu ambirimbiri omwe console, chosewerera magemu chija, anaigulira iyoyo basi. A Sony, eni PlayStation, mtima unali m'mwamba, amvekere bwanji mawa a Microsoft akadzati Call of Duty ndi ya pa Xbox pokha? Mabungwe oona za mpikisano pa malonda nawo anadzuka, FTC ku America, CMA ku Britain ndi European Commission ku Brussels. Tsono bungwe lililonse lotere lisananene kuti diluyi ipweteka ogula kapena ayi, limayamba kaye lajambula mzere, kuti msika tikunenawu ukuyambira pati n'kuthera pati, ali mkati ndani, ali kunja ndani.

Pa mzere pamenepa ndi pomwe pagona ndewu yonse chifukwa masamu amasintha kutengera pomwe mwauika. Mukati msika ndi wa ma console onse ndiye kuti muli atatu, Sony, Nintendo ndi Microsoft, ndipo Xbox ili kumchira. A Microsoft eni akewo analemba m'mapepala a ku khothi kuti nkhondo ya ma console iwo analuza kale, ati mu 2021 gawo lawo pa malonda a ma console linali 16 peresenti yokha. Tangoganizani, kampani yolemera choncho kumadzimvetsa chisoni pamaso pa jaji ngati mwana wamasiye. Koma mukangomuchotsa Nintendo mwatsala awiri okha, ndipo chilichonse chofooketsa Sony ndiye kuti chafooketsa mdani yekhayo yemwe Xbox ili naye. Mukaukulitsa mzere uja n'kulowetsamo makompyuta ndi mafoni, Xbox ikusanduka kadontho. Ndiye musamadabwe kuti wogula kampani nthawi zonse amafuna msika uoneke waukulu pomwe woletsa amafuna uoneke waung'ono, aliyense amakokera kwake.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji pojambula? Sayang'ana zoti zinthuzo zikufanana maonekedwe ayi. Amafunsa kuti zinthu zikavuta anthu angathawire kuti. Pali kayesedwe kena komwe kanalowa mu ndondomeko za boma la America zounikira makampani ogulana mu 1982, amakatcha SSNIP. Mwachidule kamati tiyerekeze munthu mmodzi wagula PlayStation ndi Xbox zonse n'kukweza mitengo ndi 5 kapena 10 peresenti, osati kwa sabata imodzi koma kwa nthawi yaitali. Ngati anthu ochuluka angathawire ku Switch mpaka mkulu uja kuluza ndalama, ndiye kuti Switch ili pa msika womwewo, ilowe mu mzere. Koma ngati anthu angang'ung'udze, kutukwana pa intaneti, kenako n'kukagulabe, ndiye kuti awiriwo ndi msika paokha.

Zoterezi zinachitikapo ndi nthochi, osaseka. Mu 1978 khothi lalikulu la mayiko a ku Europe, pa mlandu wa kampani ya United Brands, linagamula kuti nthochi ndi msika pawokha wosiyana ndi wa maapozi ndi malalanje, ati chifukwa ndi yofewa, ilibe njere, ndipo pali anthu monga ana aang'ono, nkhalamba ndi odwala omwe sangangoisiya poti apozi watchipa. Zonse ndi zipatso inde koma si chilichonse chingalowe m'malo mwa chinzake. Funso la Switch ndi lomwelo, kungoti pano nthochi yake ndi yamagetsi.

A FTC atasuma mu Disembala 2022 anati msika wawo ndi wa ma console amphamvu kwambiri, kutanthauza PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S, Nintendo panja. Ndipo kunena zoona mukaika PS5 ndi Series X pamodzi zili ngati ana a bere limodzi. Xbox inatuluka pa 10 Novembala 2020, PS5 pa 12 Novembala, kusiyana masiku awiri okha. Zonse zinatuluka pa madola 499. Mukazitsegula m'kati mupeza ma chip a kampani imodzi, AMD, a mtundu umodzimodzi. Magemu akuluakulu a makampani ena amatulukira pa zonse ziwiri tsiku limodzi. Ndipo wina akatsokomola mnzake amatembenuka. Chitsanzo chomwe anthu sachiiwala ndi cha 2013 ku chionetsero cha E3, pomwe a Microsoft analengeza Xbox One pa madola 499 ili ndi malamulo ovuta pa nkhani yobwerekana ndi kugulitsa magemu akale, ndiye madzulo a tsiku lomwelo a Sony anabwera n'kuti PS4 ndi madola 399, n'kutulutsanso kavidiyo ka masekondi ochepa kophunzitsa momwe mungabwerekere mnzanu gemu pa PS4. Mu kavidiyomo bwana wina wa Sony akungotenga gemu n'kumupatsa mnzake m'manja, mnzakeyo n'kuthokoza, basi katha. Pasanathe masabata awiri a Microsoft anali atabweza malamulo aja. Umboni woti awiriwa ali pa msika umodzi woposa pamenepa ine sindikuuona.

Tsono tengani Switch. Inatuluka mu Malichi 2017, pakatikati pa nyengo ya PS4 ndi Xbox One, osalabadira kalendala ya anzakewo, pa madola 299. Ndi kanthu kopyapyala kokhala ndi sikirini yakeyake ya mainchi 6.2, mumakagwira m'manja ngati tabuleti, mukafuna pa TV mumakalowetsa mu kabokosi kake, ndipo timakontirola tiwiri ta m'mbali timasololoka, kamodzi n'kumupatsa mnzanu kuti musewere awiri pompo. M'kati muli chip ya Nvidia yotchedwa Tegra X1 yomwe anaipangira zipangizo zoyenda nazo, ndipo malo osungira zinthu ndi 32GB yokha, pomwe Call of Duty ya masiku ano imatha kudya kupitirira 100GB. Magemu omwe amagulidwa kwambiri pa Switch ndi a Nintendo eni ake, Mario Kart 8 Deluxe, Animal Crossing, Zelda, Pokémon, omwe pa PlayStation kapena Xbox simungawapeze olo mulire bwanji. Call of Duty yomaliza kufika pa makina a Nintendo nthawi ya mlanduyi isanakwane inali Ghosts, pa Wii U, mu 2013.

Apa pali kanthu kosangalatsa. Switch inagulidwa kupitirira 100 miliyoni popanda Call of Duty olo imodzi, ndipo mfundo imodzi yomweyi mbali zonse ziwiri zinaitola. A Microsoft amvekere mwaona, console itha kuchita bwino popanda gemu imeneyi, ndiye a Sony akulira chani? Enawo amvekere ayi, zikungosonyeza kuti wogula Switch ndi munthu wina yemwe sanabwerere Call of Duty n'komwe, ndiye musatiuze za iyeyo. Nambala yake imodzi, maulaliki awiri. N'chifukwa chake milandu yotereyi siitha ndi kakyuleta yokha.

Komatu a Microsoft nawo anali ndi mfundo yolimba, ndipo dzina lake ndi Xbox Series S. Iyi ndi Xbox yaing'ono yopanda polowetsa disiki, mphamvu zake zojambulira zithunzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Series X, ndipo inatuluka pa madola 299, ndendende mtengo wa Switch. Tsono taganizirani nthawi ya mlanduyo kholo lalowa mu shopu ndi madola 300, mwana wanena kuti akufuna Fortnite ndi Minecraft, ndipo pa shelefu pali mabokosi awiri moyandikana, woyera wa Series S ndi wofiira wa Switch, mtengo umodzi, magemu awiri aja akupezeka ponse pawiri. Kholo limenelo litenga bokosi limodzi, linalo litsala. Munganene bwanji kuti pamenepo palibe mpikisano? Ndipo ngati a FTC akuti muyeso ndi mphamvu, n'chifukwa chani Series S yofookayo ili mkati? Komanso magemu ena akuluakulu amafika ndithu pa Switch, kungoti mochedwa komanso atawachepetsa kukongola. The Witcher 3 inafika mu 2019 patatha zaka zinayi, Hogwarts Legacy inatuluka mu Febuluwale 2023 kwinaku n'kudzafika pa Switch mu Novembala. Pofuna kutsindika, mu Febuluwale 2023 a Microsoft anasainirana ndi Nintendo pangano la zaka 10 lobweretsa Call of Duty kumeneko, ndipo sizifuna mneneri kuti muone kuti panganolo linalinso uthenga kwa oweruza.

Mlandu uli mkati kunachitikanso kachinthu koseketsa. Chikalata china cha Sony chinali ndi manambala achinsinsi omwe wina anawafuta ndi cholembera chakuda, koma atachipanga sikani manambala aja ankaonekabe pansi pa inki. Ndi momwe dziko linadziwira kuti The Last of Us Part II inadya madola pafupifupi 220 miliyoni kuipanga, komanso kuti mu 2021 panali anthu pafupifupi 1 miliyoni pa PlayStation omwe sankasewera china chilichonse kupatula Call of Duty. Anthu amenewo ndi omwe mlandu wonse unkanena, chifukwa gemu yawo itachoka sangakagule Switch kuti azikathamangitsa Mario, angapite komwe gemuyo yapita.

Jaji Jacqueline Scott Corley anapereka chigamulo pa 11 Julayi 2023, ndipo pa nkhani ya Switch anayankha mosakhutiritsa aliyense. Anati zikanakhala kuti iye ndi womaliza kugamula mlandu wonse, mwina akanaiika Switch mkati mwa msika, koma poti apa nkhani inali yongoimitsa kaye diluyo, a FTC abweretsa zokwanira kuti aivomereze kaye mfundo yawo. Makompyuta anawasiya kunja. Kenako a FTC analuzabe, osati chifukwa cha mzere koma chifukwa sanathe kusonyeza kuti a Microsoft angachotsedi Call of Duty pa PlayStation, gemu yomwe ndalama zake zambiri za pa console zimachokera komweko. Patangotha masiku ochepa a Sony nawo anasaina pangano lawo la zaka 10. Ku Britain a CMA anaona kuti Nintendo sapikisana kwambiri ndi awiriwo ngati momwe iwo amapikisirana okhaokha, koma mu Malichi 2023 nkhawa ya ma console anaisiya, n'kudzaletsa diluyo mu Epulo pa nkhani ina, ya magemu osewera kudzera pa intaneti osawaika pa makina ako, yomwe anaitenga ngati msika winanso pawokha. A ku Brussels anavomereza mu Meyi atapatsidwa malonjezo a zaka 10. Pamapeto pake a Microsoft anapereka kwa Ubisoft, kampani ina yopanga magemu, ufulu wa magemu a Activision a pa intanetiwo, a CMA n'kuvomera, dilu n'kutsekedwa pa 13 Okutobala 2023. Mabungwe atatu, umboni wofanana, aliyense ndi mzere wake.

Ine pandekha ndimaona kuti vuto ndi loti funso timalifunsa ngati yankho lake ndi eya kapena ayi, pomwe mpikisano uli ndi pafupi ndi patali. Munthu yemwe ali ndi PS5 akagulanso Series X ndiye kuti wagula chinthu chimodzi kawiri, magemu ambiri ndi omwewo. Koma akagula Switch wapeza zomwe analibe, Zelda, Mario, ndi zosewera ali pa ulendo kapena atagona chagada. Ndiye kwa iyeyo Switch siilowa m'malo mwa PS5, imakhala pambali pake. Kwa kholo lija la madola 300 ndi zosiyana, ilo Switch ndi Series S zikulimbirana ndalama imodzimodzi. Onsewa ndi makasitomala enieni, ndipo yankho la SSNIP limangodalira kuti gulu lalikulu ndi liti komanso lomwe lingasunthe ndi liti.

Ndipo kukhala pambaliku a Nintendo sikunawagwere mwangozi, anachita kusankha. Mu 2001 analowa mu mpikisano wa mphamvu ndi GameCube, yomwe inali yamphamvu ndithu, koma inagulidwa pafupifupi 22 miliyoni pomwe PS2 inapitirira 150 miliyoni. Chaka chomwecho Sega inagonja n'kusiya kupanga ma console, Sonic wawo yemwe ankanyoza Mario n'kuyamba kupezeka pa makina a Nintendo. Mkulu wa Nintendo Satoru Iwata anaona kuti atambala atatu m'khola limodzi sizitheka, ndiye anakafuna anthu omwe anzakewo sankawawerengera, agogo, makolo, anthu oti sanagwirepo kontirola. Mu 2006 Wii inatuluka pa madola 249 pomwe PS3 yodula inali madola 599, Wii yake yofooka yopanda olo HD koma yogwedeza dzanja ngati ukusewera tenesi yeniyeni, ndipo inagulidwa kupitirira 101 miliyoni, kuposa PS3 komanso Xbox 360. Njira imeneyi simagwira nthawi zonse, Wii U inathera pa 13.56 miliyoni basi. Koma taonani, kampani ikamathawa dala mpikisano ndiye kuti ikuudziwa kuti ulipo, munthu suthawa chinthu chomwe sichingakupeze.

Pali enanso omwe amati iyayi, onsewa akulimbirana nthawi ya munthu, maola ake a madzulo. A Netflix analembera eni masheya awo mu Januwale 2019 kuti amapikisana kwambiri ndi Fortnite kuposa HBO, mnzawo woonetsa mafilimu, ndipo mu 2020 Phil Spencer, mkulu wa Xbox nthawi imeneyo, ananena kuti adani enieni a m'tsogolo ndi Amazon ndi Google osati Sony ndi Nintendo. Zimamveka zanzeru, ndipo kwa wochita bizinesi n'zoona. Koma kwa jaji sizithandiza, chifukwa mukayamba choncho ndiye kuti mpira, tulo ndi macheza zonse zalowa mu msika, ndipo palibe kampani yomwe ingaonekenso yaikulu. Stadia, njira ya Google yosewerera magemu kudzera pa intaneti yomwe inkaopedwa, inatsekedwa mu Januwale 2023.

Chinanso chomwe anthu amachiphonya n'choti bokosi lenilenilo si pomwe pali ndalama. Pa mlandu wa Epic, opanga Fortnite, ndi Apple mu 2021 bwana wina wa Xbox, Lori Wright, anauza khothi kuti a Microsoft sanapangepo phindu pogulitsa console yeniyeniyo. Phindu limabwera pambuyo, pa 30 peresenti yomwe mwini console amadula pa magemu ogulidwa mu sitolo yake ya pa intaneti ndi pa zolipira mwezi ndi mwezi ngati Game Pass ndi PlayStation Plus. Ndiye akulimbirana mbali ziwiri, osewera uku, opanga magemu uku, ndipo kwa opanga magemu funso la msika lilinso ndi yankho lake, wopanga kagemu kakang'ono ma console onse atatu ndi ofanana kwa iye, wopanga chigemu cha madola 200 miliyoni Switch yoyamba ija sinali m'mapulani. Komanso munthu akangolowa n'kugula magemu 50, anzake onse ali komweko, kusamuka kumavuta, moti kukweza mtengo ndi 10 peresenti sikungamusunthe olo kupita ku console yofanana ndendende. Spencer yemweyo anavomera mu 2023 kuti nyengo yomwe analuza, ya Xbox One, inali yoipitsitsa kuiluza chifukwa ndi pomwe anthu anaunjika magemu awo a pa intaneti.

Chigamulo chitadutsa zinthu zinayamba kusokonekeratu. Mu 2024 a Microsoft anatumiza magemu awo anayi kwa adani aja, Sea of Thieves ndi Hi-Fi Rush ku PS5, Pentiment ndi Grounded ku PlayStation ndi Switch komwe. Mu 2025 Forza Horizon 5 inafika pa PS5, ndipo Helldivers 2 yofalitsidwa ndi Sony inafika pa Xbox. Mdani wako akakhala kuti ndi yemwenso akukugulitsira katundu mu shopu yake n'kudulapo 30 peresenti, mawu oti mdani ayamba kutha mphamvu. Uku Steam Deck ya Valve, yomwe inatuluka mu 2022, ndi kompyuta koma yogwira m'manja ngati Switch, ndiye muiike mbali iti?

A FTC anapitirizabe ndi apilo mpaka khothi la apilo linawakanira mu Meyi 2025, ndipo pa 22 Meyi anausiya mlanduwo. Patatha masabata awiri enieni, pa 5 Juni, Switch 2 inalowa m'mashopu pa madola 449.99, yokwera mtengo kuposa Series S, yotha kuonetsa 4K pa TV. Pa magemu omwe inatuluka nawo tsiku loyamba panali Cyberpunk 2077, gemu yomwe mu Disembala 2020 a Sony anachita kuichotsa mu sitolo yawo chifukwa PS4 inkalephera kuinyamula.